Mafunso ndi mayankho: kudzutsa ndi kusintha galimoto zakale za ku America pakhomo

Kodi muscle car ndi galimoto yanji, nanga kuno imapezeka?

Dzinali linabadwira ku America. Limanena galimoto ya zitseko ziwiri, ya msinkhu wapakati, imene fakitale inaiveka injini ya V8 (ya masilinda 8) yoyenera galimoto yaikulu kuposa pamenepo, mphamvu yonse n'kumathera ku matayala a m'mbuyo. Ambiri amayamba kuwerenga pa Pontiac GTO ya 1964 ya injini ya 389. Zinatsatira ndi Chevrolet Chevelle SS, Dodge Charger ndi Plymouth Road Runner, ndipo Ford Mustang ndi Chevrolet Camaro nazo amaziponya m'gulu lomweli zikakhala ndi V8, ngakhale thupi lake ndi locheperapo. Malamulo a utsi, kukwera kwa inshulansi ndi vuto la mafuta la 1973 ndi zimene zinatseka nyengoyo. Mapikapu a zaka zomwezo, makamaka Chevrolet C10 ndi Ford F-100, amadyera mbale imodzi ndi galimotozi pa nkhani ya injini ndi giyabokosi, n'chifukwa chake tikuwakambira pamodzi.

Manambala ngati 289, 350 kapena 426 ndi kukula kwa injini m'muyeso wa ku America. Gawani ndi 61 mupeza malita: 350 ndi malita 5.7, 454 ndi malita 7.4.

Kum'mwera kwa Africa kuno gwero lake ndi South Africa, kumene Ford ndi General Motors anali ndi mafakitale ku Port Elizabeth. M'dziko limenelo munatuluka Ford Fairmont GT ya injini ya 351 Cleveland, Chevrolet SS imene thupi lake ndi la Holden Monaro ya ku Australia, Capri Perana ya Basil Green ya injini ya 302, ndi Chevrolet Firenza Can-Am ya 1973 imene anapanga 100 zokha. Zonsezi chiwongolero chili kumanja, ndipo mfundo imeneyi ibweranso m'munsimu chifukwa imawonongetsa anthu ndalama.

Pogula, ndiyang'anitsitse chiyani?

Bodi. Injini yakufa imadzutsidwa m'masabata ochepa, koma bodi yodyedwa ndi dzimbiri imamwa zaka. Tengani maginito wokulunga m'kansalu, tochi ndi sikuludiraiva. Pamene maginito akukana kugwira, pali filler yonenepa yobisa bala. Pamene sikuludiraiva yaloŵa mukabaya pansi pa galimoto, chitsulo chinatha kale.

Galimoto iliyonse ili ndi malo ake ofera. Pa Mustang ya 1965 mpaka 1970 thirani ndowa ya madzi m'timipata ta mpweya tili m'munsi mwa galasi lakutsogolo, kenaka suzumirani pansi pa dashibodi. Madzi akadontha ndiye kuti cowl, bokosi la lata lili pansi pa timipatato, inaboola, ndipo kuikonza kumafuna kubowola madontho a uwotcheri mazanamazana. Onaninso ma torque box (timabokosi tachitsulo tolimbitsa pansi pa bodi) ndi zitsulo zoyenda m'munsi mwa buti. Pa Dodge ndi Plymouth onani chitsulo chopingasa chimene chimagwira ma torsion bar, ndi pansi pa buti. Pa Camaro ndi Chevelle madzi amaima m'mphepete mwa galasi la m'mbuyo. Pa C10 ndi F-100 ndi m'makona a kebu, m'munsi mwa zitseko ndi pamene kebu imakhazikika pa chasisi.

Mustang ndi Charger zilibe chasisi chapadera. Bodi yomweyo ndiyo msana wa galimoto, choncho dzimbiri la pansi ndi loopsa kwambiri pa izo kusiyana ndi pa Chevelle kapena pikapu. Pa ya chasisi yezani mopingasa ndi tepi, kona ndi kona mbali zonse ziwiri. Kusiyana koposa mamilimita 6 kukutanthauza kuti inagundidwapo.

Nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'bulu buku. Galimoto yopanda mapepala ndi gwero la masipeyala basi.

Ndingadziwe bwanji kuti SS kapena GT imeneyi ndi yeniyeni?

Osakhulupirira zikwangwani za pa bodi, zimagulitsidwa paliponse. Galimoto zisanafike 1981 sizinali ndi nambala ya zilembo 17 ya masiku ano, kampani iliyonse inali ndi kalembedwe kake. General Motors (GM), mwini Chevrolet, inakhomera kachitsulo ka manambala pa cowl, Ford pa chitseko, Chrysler, mwini Dodge ndi Plymouth, pa fenda ya mkati. Pa small-block ya Chevrolet (V8 ya buloko yaing'ono, monga 350) nambala youmba ili kumbuyo kwa buloko pafupi ndi pamene giyabokosi imamangira, ndipo zilembo zodinda zili pa kampando kosalala kutsogolo kwa hedi ya kumanja. Mukatumiza buloko kukapalidwa pamwamba, uzani mmisiri asakhudze kampandoko. Zilembozo zikafufutika, mtengo wa galimoto umagwa nazo.

Ndiphwasule yonse kaye, kapena ndizikonza pang'onopang'ono?

Ngati ndi galimoto yanu yoyamba, musaiphwasule yonse. Galimoto zambiri zogulitsidwa m'makatoni zinaphwasulidwa m'masiku aŵiri ndi munthu wachangu amene ndalama kapena mtima unamuthera panjira. Ndondomeko yodalirika ndi iyi: injini ilire, mabuleki agwire, chiwongolero ndi matayala zikhale bwino, mawaya asawotche, dzimbiri lichoke, penti, ndipo mphamvu zowonjezera pamapeto penipeni. Injini yamphamvu pa mabuleki a 1965 ndi bokosi la maliro.

Kuphwasula konse kumayenera pokhapokha dzimbiri lili paliponse. Zikatero jambulani chilichonse musanamasule, mabawuti a chinthu chimodzi aloŵe m'kajumbo kakekake kolembedwa, ndipo musataye chakale mpaka chatsopano chitamangidwa ndi kugwira ntchito. Masipeyala opangidwa masiku ano nthawi zambiri sakhala ndendende, chakale chija ndiye chofanizira.

Masipanala anga a mamilimita akwanira?

Ayi. Galimotozi zinamangidwa ndi mabawuti a mainchi a UNC ndi UNF. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pa bawuti ya 1/2, koma imalowa mokhwepa ndipo imadya makona. Pezani masipanala ndi masoketi kuyambira 1/4 mpaka inchi imodzi, masipanala ogwira nati za mapayipi a buleki a 3/8 ndi 7/16, torque wrench, timing light, geji ya vacuum, geji ya compression ndi multimeter. Bawuti ya mamilimita musaikakamize m'bowo la mainchi. Imaloŵa mizere iŵiri kenaka imaphwanya mazinga.

Kulimba kwa bawuti kumaŵerengedwa pamutu: timizere titatu ndi Grade 5, pafupifupi 8.8, ndipo tisanu ndi kamodzi ndi Grade 8, pafupifupi 10.9. Chenjezo kwa a Dodge ndi Plymouth: mpaka cha m'ma 1970 nati za matayala a kumanzere zinali zomasukira chakumanja, ndipo nsonga ya sitadi imakhala ndi chilembo L. Masitadi ambiri athyoka chifukwa cha kusadziwa zimenezi.

Jeke ndi yonyamulira chabe. Musaloŵe pansi pa galimoto yokhala pa jeke kapena pa njerwa. Pafunika masitandi achitsulo pa simenti yosalala.

Injini yakhala zaka zambiri osalira. Ndiiyambe bwanji?

Musathamangire kulumikiza batire. Chotsani mapulagi onse 8, thirani mamililita 30 mpaka 50 a oyilo wa giyabokosi ya otomatiki m'silinda iliyonse, n'kudikira masiku angapo. Kenaka zunguzani injini ndi dzanja pa bawuti ya crankshaft, pang'ono kutsogolo pang'ono kumbuyo. Ikakana, onjezani oyilo ndi masiku, ndipo yesani kutsamiza chitsulo pa mano a flywheel. Kukoka galimoto ili m'giya kuti injini imasuke kumathyola maring'i ndi kupinda ma connecting rod. Vulani zivundikiro za mavavu muone ngati onse 16 akukwera ndi kutsika. Vavu yomatirira imapinda pushrod pa kuzungulira koyamba.

Ikazungulira, sinthani oyilo ndi filita, zulani distributor, ndipo zunguzani pampu ya oyilo ndi dirilo mpaka oyilo atafika ku ma rocker onse. Ya Chevrolet imazungulira ngati wotchi, ya Ford mobwerera. Petulo wakale amasanduka utomoni womata mavavu, choncho musamwetse injini kuchokera m'thanki yakale. Lumikizani payipi ku chigubu chaukhondo. Onani mu air cleaner ndi mu ekizozi, makoswe amamangamo zisa. Chozimitsira moto chikhale pafupi.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: GM ndi Ford ankaika giya ya timing ya mano okutidwa ndi pulasitiki. Manowo amagumuka ndi ukalamba, tcheni n'kulumpha, zidutswa n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Sinthani ndi yachitsulo ndipo tsukani sampu.

Ndidziwa bwanji ngati injini ikufuna kuphwasulidwa?

Yezani compression injini ili yotentha, mapulagi onse atachoka, throttle ili yotsegula kwathunthu. V8 yabwinobwino imapereka psi 120 mpaka 160, koma chofunika kwambiri ndi kufanana: masilinda asasiyane kuposa 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse. Kumtunda ngati ku Lilongwe kapena Johannesburg manambala amatsika chifukwa mpweya ndi wopepuka, si vuto la injini. Silinda yotsika ithireni supuni ya oyilo muyezenso. Ikakwera ndi maring'i, ikakhala pomwepo ndi mavavu, ndipo ziŵiri zoyandikana zikatsikira limodzi ndi gasiketi ya hedi.

Oyilo azipanikiza pafupifupi psi 10 pa rpm 1,000 iliyonse injini itatentha. Utsi wabuluu wotuluka poyatsa m'mawa wokha ndi timphira ta mavavu, ntchito ya tsiku limodzi yosafuna kuvula hedi.

Pomanganso injini, ndi miyeso iti yosaphonya?

Tengani 350 monga chitsanzo. Silinda yake ndi mainchi 4.000, ndipo kubowola koyamba kumakhala 0.030. Mpata wa pakamwa pa ring'i ya pamwamba ukhale pafupifupi 0.004 pa inchi iliyonse ya silinda, kutanthauza 0.016, kapena mamilimita 0.4. Ukachepa, ring'i ikatentha nsonga zake zimagundana n'kuphwanya mutu wa pisitoni. Mpata wa mabeyaring'i ndi pafupifupi 0.001 pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa crankshaft. Yezani ndi Plastigage, kaulusi ka pulasitiki koyezera mpatawo, ngakhale mmisiri walumbira kuti zili bwino. Mabawuti a hedi amamangidwa pa 65 ft-lb, pafupifupi 88 Nm, m'magawo atatu kuyambira pakati kupita kunja, ndipo mazinga ake apakidwe sealant chifukwa amaloŵa m'njira za madzi. Tsukani njira za oyilo ndi timaburashi, ndipo silinda ipukutidwe mpaka nsalu yoyera ituluke yoyera.

Msampha waukulu ndi flywheel ndi damper, gudumu lolemera la kutsogolo kwa crankshaft. Mainjini ena amalinganizidwa kulemera kunja kwa buloko. Pa kulemera kwakunjaku, Ford 302 inali ya maaunsi 28 mpaka 1980 ndipo ya maaunsi 50 kuyambira 1981. Chevrolet 400 ndi 454 nazo ndi zakunja pamene 350 yakale ndi yamkati. Mukasokoneza, injini imanjenjemera mpaka kudya mabeyaring'i.

Camshaft yatsopano yadyeka pasanathe sabata. Chalakwika n'chiyani?

Mainjini akalewa ali ndi ma lifter a pansi posalala amene amakhuzana ndi cam chitsulo pa chitsulo. Chimawateteza ndi mankhwala a zinc otchedwa ZDDP, amene mu oyilo wa galimoto zamakono anachepetsedwa pofuna kuteteza catalytic converter. Funani oyilo wa zinc wa ppm 1,200 kapena kuposa, ndipo pa kuliza koyamba gwiritsani oyilo wopangidwira ntchito imeneyo.

Mphindi zoyambirira ndizo zimagamula. Pakani girizi wa cam pa mfundo zonse ndi pansi pa ma lifter, ikani ma lifter atsopano okhaokha, ndipo konzekerani kuti injini igwire pa kiyi woyamba: kabyuleta yodzaza, timing yoikidwa kale, madzi m'rediyeta. Ikangolira ikwezeni pa rpm 2,000 mpaka 2,500 kwa mphindi 20 mpaka 30, mukusinthasintha pang'ono, osailola kutsika. Cam imadalira oyilo wowazidwa ndi crankshaft, ndipo injini ikamalira pansi oyiloyo safika. Ngati masipuling'i a mavavu ndi aŵiriaŵiri, chotsani amkati mpaka ntchitoyi itatha. Cam ikadyeka, fumbi lachitsulo lafika paliponse. Kungosintha cam yokha ndi kutaya ndalama kachiŵiri. Amene thumba likulola aike roller cam, vutoli lithere pomwepo.

Petulo wa masiku ano ndi woyenera?

Pali nkhani zitatu. Yoyamba ndi mtovu umene kale unkaikidwa m'petulo ndipo unkateteza mipando ya mavavu a ekizozi. Mahedi a m'ma 1960 ali ndi mipando yofewa. Pa galimoto yoyenda Loweruka ndi Lamlungu imapirira nthawi yaitali, koma pa pikapu yonyamula katundu ikani mipando yolimba mahedi akapita kwa mmisiri.

Yachiŵiri ndi octane. Mainjini ena a 1970 ndi m'mbuyo mwake ali ndi compression yoposa 10:1 ndipo amagogoda ndi petulo wapapampu. Pa mahedi achitsulo 9:1 mpaka 9.5:1 ndiye mtendere. Poŵerenga malangizo a ku America kumbukirani kuti 91 yawo ndi pafupifupi 95 ya muyeso wa RON umene umalembedwa kuno ndi ku Britain.

Yachitatu ndi ethanol. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Ethanol amafewetsa mapayipi a labala akale ndi diaphragm ya pampu, amakoka chinyezi, ndipo amaŵira msanga m'kabyuleta. Sinthani mapayipi onse ndi a SAE J30R9. Galimoto ikamavuta kulira itatentha, ikani spacer ya phenolic ya mamilimita 12 pansi pa kabyuleta ndipo talikitsani payipi ya mafuta ku ekizozi. Pa C10 mpaka 1972 thanki ili mkati mwa kebu kuseri kwa mpando, ndipo pa Mustang zoyambirira denga la thanki ndilo pansi pa buti. Fungo la petulo m'galimoto zimenezi si lozolowera nalo.

Kabyuleta yaikulu imawonjezera mphamvu?

Kaŵirikaŵiri imachotsa. Ŵerengerani chonchi: kukula kwa injini kuchulukitsa ndi rpm yapamwamba, kugawa ndi 3,456. Kwa 350 pa rpm 5,500 yankho ndi cfm 557 (cfm ndi muyeso wa mpweya wodutsa m'kabyuleta pa mphindi), ndipo poti injini yapamsewu imadzaza pafupifupi 85 pa 100, ikufuna cha m'ma 475. Kabyuleta ya cfm 600 ya vacuum secondary ndi yokwana ndi kutsala. Ya 750 imachedwetsa mpweya m'mmero, petulo sakokeka bwino, galimoto n'kumatsamwa mukaponda.

Kabyuleta ya Edelbrock simafuna mafuta opanikiza kuposa psi 6; ya Holley imalola 6 mpaka 7. Pa Holley, power valve ikhale theka la vacuum ya injini ikamalira pansi. Kumtunda injini imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse ndipo imamwa mafuta mopyola, choncho majeti amatsitsidwa sayizi imodzi pa mamita 600 aliwonse. Musanaimbe mlandu kabyuleta, onani moto. Matenda ambiri otchedwa a kabyuleta amachokera ku distributor.

Nanga moto ndi timing?

Ndondomeko ya moto pa Chevrolet ndi Chrysler ndi 1-8-4-3-6-5-7-2. Pa Ford 289 ndi 302 yakale ndi 1-5-4-2-6-3-7-8, koma 351 ndi 302 HO ndi 1-3-7-2-6-5-4-8. Chimalamula ndi cam imene ili mkati, osati buloko. Kaŵerengedwe ka masilinda nako n'kosiyana: Chevrolet imaika 1, 3, 5, 7 kumanzere, Ford imaika 1 mpaka 4 kumanja.

Mapoyinti a Chevrolet ndi mpata wa 0.019 kapena dwell ya madigiri 30, mapulagi 0.035. Small-block yapamsewu imakonda madigiri 10 mpaka 14 ikamalira pansi ndi 34 mpaka 36 pa rpm 3,000, payipi ya vacuum advance itazulidwa ndi kutsekedwa. Mukamaliza ibwezereni, vacuum advance imapulumutsa mafuta ndi kuziziritsa injini. Mphete yakunja ya damper yakale imatsetsereka pa labala wake, chizindikiro cha timing n'kumanama, choncho tsimikizani kaye pamene pisitoni yoyamba yafika pamwamba penipeni. Mukasintha kupita ku HEI, distributor yopanda mapoyinti imene GM inayamba kuika pakati pa ma 1970, ipatseni mavoti 12 athunthu. Waya wakale wopita ku koyilo uli ndi resistance ndipo umaifooketsa.

Ikutentha pamzere wa galimoto koma pamsewu ili bwino.

Ndi vuto la mpweya. Fani yopanda shroud, chikuto choizungulira kuseri kwa rediyeta, imangovundula mphepo ya m'mbali. Masamba ake aloŵe theka m'shroud. Ikamatentha pa liŵiro, vuto ndi madzi: rediyeta yotsekeka, payipi ya m'munsi yofinyika, kapena timing yochedwa. Thermostat ya madigiri 82 ikhalemo, osaichotsa. Madzi a pachitsime okha amadzaza buloko ndi dzimbiri ndi kuboola ma core plug. Sakanizani theka coolant theka madzi a distilled (othira m'batire). Pampu ya madzi ya lamba wa serpentine imazungulira mobwerera, ndipo ikaikidwa pa malamba a V madzi sayenda.

Dzimbiri ndingalichotse ndekha?

Mungathe, ngati muli ndi makina oyenera. Lata la bodi ndi la mamilimita 0.9 mpaka 1.2. Makina a ndodo amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo amaliboola ngati pepala, ndipo moto wa gasi umalipinda. Pamafunika MIG ya waya wa mamilimita 0.6 ndi gasi wa argon 75 ndi carbon dioxide 25.

Dulani mpaka pa chitsulo chowala, chifukwa dzimbiri limapitirira pamene maso akuonera. Chigamba chikhale cha kunenepa komweko, chokumana mlomo ndi mlomo ndi kampata kosaposa milimita imodzi. Kusanjikiza malata kumasiya thumba la chinyezi. Musakoke mzere wautali. Ikani dontho, lumphani masentimita 5, dontho lina, dikirani pazizire mpaka dzanja lithe kukhudza, n'kubwereza mpaka madonthowo atakumana. Pogaya musafulumirenso, chopukusira chimatenthetsa lata mofanana ndi uwotcheri. Musanadule pansi pa Mustang kapena Charger, wotchererani zitsulo zopingasa pa makomo, apo ayi bodi imakhota ndipo zitseko sizidzatsekanso bwino. Kuseri kwa chigamba pakani epoxy primer ndi phula la m'mabowo. Kumeneko ndi kumene dzimbiri limabwererako.

Zulani batire ndipo chotsani thanki musanayatse makina. Musatsuke powotcherera ndi brake cleaner ya chlorine, moto umaisandutsa mpweya wakupha wa phosgene. Kupopera mchenga pa boneti kapena denga kumapinda lata, ndipo fumbi lake limawononga mapapo.

Penti wanga watupa patatha miyezi ingapo.

Chinyezi kapena dzimbiri chinatsekeredwa pansi. Pa chitsulo chosenda payambe epoxy primer mikanjo iŵiri tsiku lomwelo, kenaka filler yosaposa mamilimita 3, primer yodzaza, ndi kupala ndi thabwa lalitali: sandipepa wa 80 ndi 180 pa filler, 320 mpaka 600 pa primer. Filler imamwa madzi, musaipale ndi madzi. Kompuresa ikhale ndi chosefera madzi, makamaka nyengo ya dzinja. Penti wa 2K ali ndi isocyanate amene kansalu ka pamphuno sikamutchinga, ndipo penti wakale wa galimotozi angakhale ndi mtovu.

Mabuleki a diramu ndiwasiye kapena ndiike madisiki?

Choyamba onani master cylinder. Galimoto za 1966 ndi m'mbuyo mwake zambiri zili ndi ya chipinda chimodzi: payipi imodzi ikaphulika, mabuleki onse anayi apita. Isintheni ndi ya zipinda ziŵiri ngakhale mukufuna galimoto ioneke ngati ya fakitale. Itulutseni mpweya ili pa vayisi musanaimange.

Madisiki kutsogolo ndi kusintha kopindulitsa kuposa kwina kulikonse. A m'mbuyo si ofunikira kwenikweni pa galimoto yapamsewu. Pamafunika proportioning valve kuti matayala a m'mbuyo asamange msanga, ndi residual valve ya psi 10 ku madiramu ngati master cylinder ilibe yake. Booster imafuna vacuum ya mainchi 16 kapena kuposa, choncho cam yaukali imaumitsa pedulo. Makiti ambiri amakana marimu a mainchi 14. Mapayipi ndi a 3/16 a mlomo wopinda kaŵiri pa madigiri 45, ndipo nati zake ndi za mainchi, pamene galimoto za ku Japan ndi ku Ulaya zili ndi nati za mamilimita. Payipi ya kopa ya mapulambala isayandikire n'komwe. Mafuta a buleki a DOT 5 sasakanizidwa ndi a DOT 3 kapena 4. Pa diramu, nsapato ya chikopa chachifupi imayang'ana kutsogolo. Fumbi la nsapato zakale lingakhale ndi asbestos, linyowetseni m'malo moliuzira.

Apa ndi pamene chiwongolero cha kumanja chimalumira. Makiti a ku America a booster, ma header ndi power steering anapangidwira chiwongolero cha kumanzere. Mwini Fairmont GT kapena Chevrolet SS ayang'ane kwa ogulitsa a ku Australia ndi South Africa.

Mawaya akale ndi oopsa motani?

Amawotcha galimoto zambiri kuposa petulo. Pa Dodge ndi Plymouth magetsi onse a alternator amadutsa pa cholumikizira cha pa khoma la injini ndi pa ammeter ya pa dashibodi. Zikachita dzimbiri zimatentha mpaka kusungunuka, ndipo alternator yaikulu imafulumizitsa ngoziyo. Lambalalani ammeter, ikani voltmeter, ndipo kokani waya wonenepa wokhala ndi fusible link kuchoka ku alternator kupita ku batire. Nyali zakutsogolo ndi fani yamagetsi zidutse pa marile. Nyali zochita zamisala pafupifupi nthawi zonse ndi efi yofooka: batire ku injini, injini ku chasisi, chasisi ku bodi, pa chitsulo chopalidwa.

Injini ikulira kwambiri pa 100 km/h. Ndisinthe difu kapena giyabokosi?

Ŵerengani kaye. Liŵiro la makilomita kuchulukitsa ndi giya ya difu, kuchulukitsa ndi 209, kugawa ndi kutalika kwa tayala m'mainchi. Difu ya 3.73 pa tayala la mainchi 26 imapereka rpm 3,000. Magiyabokosi a otomatiki a TH350, C4 ndi TorqueFlite 727 alibe overdrive, giya yomaliza yotsitsa rpm. Mukaika 700R4 ya giya yomaliza ya 0.70, rpm imatsika kufika 2,100 popanda kutaya kunyamuka. Koma 700R4 ndi AOD ya Ford zimadalira chingwe cha TV chopita ku kabyuleta. Chikakhwepa, giyabokosi imapsa m'makilomita ochepa. C4 zakale zimafuna oyilo wa Type F. Mukasintha giyabokosi yezaninso propshaft, ndipo ngodya za ma universal joint aŵiri zifanane, pakati pa digiri 1 ndi 3.

Ndikufuna kutsitsa pikapu ndi kusintha marimu.

Musawotche masipuling'i, amafooka n'kuthyoka. Pa C10 kutsogolo ikani ma drop spindle a mainchi 2.5. Kumbuyo, zambiri za 1960 mpaka 1972 zili ndi makoyilo ndi Panhard bar, imene imakankhira difu kumbali mukatsitsa, choncho ikani yosinthika. Za 1973 mpaka 1987 zili ndi masipuling'i a masamba. Mukakweza difu pamwamba pa masambawo, chasisi chimafuna kudulidwa ndi kulimbitsidwa ndi C-notch. F-100 kuyambira 1965 ili ndi Twin I-Beam imene imapendeketsa matayala mukafupikitsa masipuling'i. Njira yake ndi ma beam otsitsa, kapena kutsogolo konse kwa Crown Victoria ya 2003 mpaka 2011.

Mabowo a marimu: galimoto za Chevrolet 5 x 120.65, Ford ndi Chrysler zambiri 5 x 114.3, F-100 5 x 139.7, C10 mabowo 6 mpaka 1970 ndi 5 x 127 kuyambira 1971. Rimu ya BMW ya 5 x 120 imaloŵa pa Chevrolet koma imapinda masitadi. Tayala lopitirira zaka 10 litayeni ngakhale mapazi ake ali atsopano. Manambala anayi omaliza a chidindo cha DOT cha pa tayala ndi sabata ndi chaka chimene linapangidwa.

Kodi kuika injini yamakono n'kwanzeru?

Pa C10 wamba kapena Mustang ya masilinda 6, inde. Pa galimoto yosowa imene ikadali ndi injini yake yobadwa nayo, ayi, ndipo mukachotsabe isungeni. Ku America amakonda banja la mainjini a GM lotchedwa LS, limene linayamba ndi Corvette ya 1997, makamaka 5.3 ya m'mapikapu. Kuno LS imapezeka m'ma Chevrolet Lumina SS a ku South Africa, koma V8 yosavuta kupeza ndi 1UZ ya Lexus ya malita 4.0.

Mtengo wa injini ndi gawo laling'ono la ndalama zonse. LS imafuna pampu ya mafuta ya psi 58, thanki yokhala ndi zotchinga mkati kuti pampu isamwe mpweya pokhota, sampu yosagunda crossmember, mamaunting'i, kompyuta yochotsedwa loko woletsa kuba wa VATS, kapayipi ka nthunzi kochokera ku mahedi kupita ku rediyeta, ekizozi yatsopano ndi chosinthira speedometer. Mapayipi a labala a kabyuleta ndi zomangira zake sizipirira psi 58. Nambala ya injini ikasintha, kaonaneni ndi a Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi galimoto musanapite kukayezetsa COF, ndipo a inshulansi auzidwe molemba.